Chotupa cha m'matumbo mwa mwana: mmene chimabisalira ndi mmene chimadziwikira

Tengani buku la kuchipatala la mwana amene pamapeto pake wapezeka ndi chotupa m'matumbo, muwerenge kuyambira tsamba loyamba. Nthawi zambiri mupeza LA kawiri kapena katatu, albendazole, mapiritsi owonjezera magazi, Flagyl chifukwa cha chimbudzi cha magazi, mwinanso miyezi iwiri ya mankhwala a TB. Amene analemba mankhwala oyambawo sanalakwe. Mwa ana amene amafika ku Kawale, ku Area 25, ku Mitundu kapena ku Kabudula akudandaula m'mimba, ochuluka zedi amakhala ndi malungo, njoka za m'mimba, kamwazi kapena kudzimbidwa, ndipo amachira. Nkhani imasintha mwana akabweranso kachitatu, ataonda, mimba itakula, mankhwala aja asanaphule kanthu. Ulendo wachitatuwo si wolemberanso mankhwala omwewo. Ndi wogoneka mwana pabedi, kumuvula malaya, n'kupapasa mimba mofatsa.

Tikunena pano zotupa zomera m'njira ya chakudya yeniyeniyo: chifu, matumbo aang'ono, apendikisi, matumbo aakulu mpaka kotulukira chimbudzi. Zotupa zambiri zimene zimatupitsa mimba ya mwana wamng'ono sizichokera m'njirayi. Wilms amachokera ku impso, neuroblastoma amachokera ku minyewa yapafupi ndi msana kapena pamwamba pa impso, hepatoblastoma amachokera kuchiwindi. Ndiye funso loyamba la wojambula sikani ndi lakuti chotupachi chamera pa chiwalo chiti, chifukwa yankho lake ndi limene limasankha njira yonse yotsatira.

Kuno kwathu dzina loyamba kuliganizira ndi Burkitt lymphoma, khansa ya maselo achitetezo cha thupi. Denis Burkitt anafotokoza matendawa mu 1958 ataona ana otupa nsagwada ku Uganda, ndipo mu 1964 kachilombo ka Epstein-Barr kanapezeka m'maselo a chotupa chomwechi. Matendawa amachuluka kumene malungo ali ambiri, n'chifukwa chake ndi khansa yotchuka mwa ana a m'Malawi. Chithunzi cha m'mabuku cha mwana wotupa tsaya chasocheretsa anthu ambiri: ana ochuluka amafika nsagwada zili bwinobwino, matenda ali m'mimba. Malo amene amakonda ndi pamene thumbo laling'ono limalumikizana ndi lalikulu, kumunsi kwa mimba chakumanja, chifukwa pamenepo khoma la thumbo lili ndi maselo ambiri achitetezo. Maselo a Burkitt amachulukana kawiri m'maola 24 mpaka 48. Mayi akanena kuti mimba yakula m'masabata awiri okha, sakukokomeza, ndipo tsiku lobwereranso la mwezi wamawa silingathandize mwana ameneyo.

Pali chizindikiro chimodzi chimene ogwira ntchito ku fiyeta ayenera kuchisunga pamtima. Thumbo limatha kulowa m'linzake ngati sokosi yopindikira mkati, vuto lotchedwa intussusception. Kwa khanda la miyezi 6 kapena mwana wosafika zaka 2, izi kawirikawiri zimachitika popanda chotupa chilichonse. Koma kwa mwana wa zaka 5, 7 kapena 10, kawirikawiri pamakhala chinthu chimene chakoka thumbolo: kathumba kobadwa nako kotchedwa Meckel, kanyama komera m'kati, kapena lymphoma. Kungowongola thumbo n'kutseka mimba osafufuza chimene chatsogolera ndi kusiya matenda m'kati.

Zotupa zosowa kwenikweni zimabwera mwakachetechete. GIST, chotupa cha m'khoma la njira ya chakudya, mwa ana amakonda atsikana a zaka za m'ma 10 kupita mtsogolo, ndipo amamera m'khoma la chifu. Sapweteka kwambiri. Amangodontha magazi pang'onopang'ono, mtsikana n'kumatopa, n'kumayera m'manja ndi m'maso, mulingo wa magazi (Hb) n'kutsika mpaka 6 kapena 5. Aliyense amaganiza za njoka, malungo kapena msambo, ndipo n'zomveka. Choyezera chake ndi ichi: mwana amene akumwa ayironi mokwanira, njoka ndi malungo zitathetsedwa, Hb yake iyenera kukwera ndi 1 g/dL kapena kuposerapo m'masabata 4. Ikapanda kukwera, kapena ikakwera chifukwa cha magazi owonjezera n'kutsikanso, pali pamene magazi akutayikira. Funsani za chimbudzi chakuda, koma mufunse bwino, poti mapiritsi a ayironi nawonso amadetsa chimbudzi. Chimbudzi cha magazi ochokera kuchifu chimakhala chakuda bii, chomata ngati phula, chonunkha moipa, ndipo nthawi zambiri chimakhala kuti chinayamba mapiritsiwo asanayambe.

GIST wa ana si yemwe uja wa akuluakulu. Wa akuluakulu amayamba chifukwa cha kusintha kwa gene ya KIT kapena PDGFRA, n'chifukwa chake mankhwala a imatinib amagwira ntchito. Mwa ana ambiri ma gene awiriwa ali bwino, vuto lili pa enzyme yotchedwa SDH. Zotupa zimatha kukhala zingapo m'chifu chimodzi, zimafalikira kwa anabere apafupi, zimakula pang'onopang'ono, ndipo imatinib sathandiza kwenikweni. Kungolemba kuti "GIST" osanena mtundu kungachititse banja kugulitsa mbuzi ndi chimanga pofuna mankhwala osayenera.

Chotupa cha neuroendocrine (chomera ku maselo opanga mahomoni) cha mu apendikisi chimapezeka mwangozi. Mwana amachitidwa opaleshoni chifukwa apendikisi yatupa, ndipo kachotupa kachikasu, kosafika sentimita imodzi, kamakhala kumapeto kwake. Ndi maso pa tebulo nthawi zambiri simungakaone. Kakakhala kakang'ono ndipo kachotsedwa konse, opaleshoni ija imakhala yakwanira. Kakaposa masentimita 2, kapena kakafika m'mphepete modulidwa, madokotala amakhalanso pansi kuona ngati pakufunika zina. Zonsezi zimadziwika pokhapokha apendikisi yapita ku labu, osati m'ndowa ya zotaya.

Khansa ya m'matumbo aakulu imagwiranso achinyamata a zaka 13, 15 kapena 17, ngakhale mwa apo ndi apo, ndipo imapezeka mochedwa chifukwa aliyense amati ndi matenda a agogo. Mnyamata amene watha miyezi akuchita chimbudzi cha magazi ndi mamina, akumva ngati chimbudzi sichikutha, akuonda, Flagyl ndi ciprofloxacin atamwa kangapo, ayenera kupimidwa ndi chala kotulukira chimbudzi. Kupima kumeneku kumafuna gulovu ndi mafuta basi, komabe ndi kumene kumadumphidwa kwambiri chifukwa cha manyazi a mbali zonse ziwiri. Mufotokozereni, kholo kapena namwino akhalepo, mupime. Magazi oyezedwa CEA, chizindikiro cha khansa ya m'matumbo, asakunamizeni: mwa achinyamata amatha kutuluka bwino khansa ilipo.

Si magazi onse a m'chimbudzi amene ali oopsa. Mwana wa zaka 2 mpaka 5 amene akusewera bwino, osamva ululu, koma chimbudzi chikutuluka ndi magazi ofiira pamwamba, kawirikawiri ali ndi kanyama kamodzi kotchedwa juvenile polyp. Si khansa, ndipo kakachotsedwa nkhani yatha. Nthawi zina kamatulukira kunja makolo n'kumati mwana watuluka mudzi. Likodzo la m'matumbo nalo limameretsa tinyama totere mwa ana osamba m'madambo ndi m'mitsinje, ndiye chimbudzi chiyezedwe mazira ake. Chodetsa nkhawa ndi tinyama 5 kapena kuposerapo, kapena banja limene bambo, azakhali kapena amalume anamwalira ndi matenda a m'matumbo asanafike zaka 40 kapena 50. Funso limeneli lifunsidwe m'Chichewa chomveka, osati "kodi kwanu kuli khansa", chifukwa ambiri sanauzidwe dzina la matenda. Funsani amene anachitidwa opaleshoni ya matumbo, amene ankachitira chimbudzi m'thumba la pamimba, amene anaonda n'kumwalira ali wamng'ono. Yang'ananinso milomo. Timadontho takuda pamilomo, m'kati mwa masaya ndi pa zala, mwa mwana amene amapotokola m'mimba mobwerezabwereza, ndi chizindikiro cha Peutz-Jeghers, matenda oyenda m'banja omeretsa tinyama m'matumbo. Pakhungu lathu nkhama zakuda n'zachibadwa, ndiye musaweruze ndi nkhama zokha.

M'kamwa momwemo yang'anani kumwamba kwake. Zigamba zofiirira kapena zakuda pamenepo, mwa mwana amene ali ndi HIV, zimaloza ku Kaposi sarcoma, khansa yooneka kawirikawiri pakhungu ndi m'kamwa, imene imatha kumeranso m'chifu ndi m'matumbo n'kumataya magazi. Kagawidwe ka Kaposi wa ana m'masiteji anayi kanakonzedwa kuchokera pa ana othandizidwa kuno, ndipo kamadziwika ndi dzina la Lilongwe. Amene matenda alowa m'mapapo kapena m'mimba n'kumamudwalitsa ali pa siteji 4. Mwana aliyense woganiziridwa chotupa ayezedwe HIV tsiku loyamba.

Za magazi n'zachidule: full blood count, creatinine, potassium, uric acid ndi LDH, imene imakwera maselo ambiri akamawonongeka. LDH yokwera kwambiri pamodzi ndi mimba yokula msanga imaloza ku Burkitt, ngakhale siitsimikizira. Magazi akakokedwa mokakamiza ndi singano yaing'ono, kapena akachedwa padzuwa, maselo ofiira amasweka, ndipo potassium ndi LDH zimakwera mwabodza. Zikatuluka zodabwitsa, tenganinso ena.

Sikani ya ultrasound ndiye chida chachikulu, ndipo ilipo m'zipatala za maboma. Mwana asadye maola 4 mpaka 6 ngati angathe. Yambani ndi probe (kachipangizo ka sikani koyendetsa pamimba) yokhota kuona chiwindi, kapamba, impso zonse ziwiri, mazira a mtsikana ndi madzi m'mimba, kenako mutenge probe yowongoka kuyang'ana matumbo, makamaka kumunsi chakumanja. Khoma la thumbo labwino siliposa mamilimita 3. Mu Burkitt limanenepa mpaka sentimita imodzi kapena kuposerapo, limaoneka lakuda, ndipo kawirikawiri mumapezanso timibulu takuda mu impso, m'chiwindi kapena m'mazira. Thumbo lolowa m'linzake limaoneka ngati mphete zingapo, ina m'kati mwa inzake. Lembaninso ngati impso zatupa ndi mkodzo chifukwa chotupa chapana njira yake, poti zimenezo zimasintha kuchuluka kwa madzi amene mwana angapatsidwe.

Chovuta kwambiri kuno ndi kusiyanitsa lymphoma ndi TB ya m'mimba. Zonse zimaondetsa, zimatenthetsa thupi usiku, zimatupitsa anabere, zimadzaza madzi m'mimba, ndipo zonse zimakonda malo omwe aja a kumunsi chakumanja. Anabere owola pakati, timadontho tating'ono mu kapamba ndi madzi okhala ndi tiulusi zimapendekera ku TB, koma palibe chimodzi chimene chimatseka nkhani. Kuyeza TB kwa GeneXpert pa madzi a m'mimba kumatha kutuluka kopanda kanthu TB ilipo. Ndiye kuyamba mankhwala a TB poganizira si tchimo, bola pakhale tsiku lolembedwa, pakatha masabata 2 mpaka 4, loyezanso sikelo, kuyezanso mimba ndi tepi pamchombo, ndi kujambulanso. Chotupa chikamakulabe, musadikire kuti miyezi 6 ithe.

Sikani ya CT imathandiza dokotala wa opaleshoni kuona malire a chotupa. Creatinine aonedwe kaye asanabaye mankhwala oonetsa mitsempha, ndipo pakhale X-ray ya pachifuwa asanagoneke mwana tulo, chifukwa chotupa chapakati pa chifuwa chimatha kutseka mpweya mwana akagona chagada atakomoka. Koma mwana amene mimba ikukula tsiku ndi tsiku asakhale sabata pamzere wa CT kanyama ka chotupacho kokayeza ku labu kasanatengedwe. Palibe chithunzi chimene chimatchula dzina la khansa. Dzina limachokera pa kanyama koyang'anidwa pa maikulosikopu.

Kanyamako katengedwe m'njira yosavutitsa mwana. Ngati pali mwanabere wamkulu, wolimba, pakhosi kapena kukhwapa, chotsani yense wathunthu. Ngati m'mimba muli madzi, kokani mamililita 20 mpaka 50, apite ku labu tsiku lomwelo popanda kuthiramo kanthu, chifukwa maselo a Burkitt amayandama m'madzimo koma amawonongeka m'maola ochepa. Chotupa chachikulu chogunda khoma la mimba chimatengedwa ndi singano ya core biopsy ya saizi 14 kapena 16, motsogozedwa ndi ultrasound, ma platelet, maselo oundanitsa magazi, ali oposa 50. Tengani tizidutswa 3 kapena kuposerapo, cha m'mbali mwa chotupa, poti pakati pamakhala pofa kale ndipo lipoti limabwera kuti palibe chooneka. Chotupa cha impso chooneka ngati Wilms sichibayidwa mwachisawawa, ndipo choganiziridwa kuti ndi GIST chisaphulitsidwe, chifukwa maselo akamwazika m'mimba matenda amakula siteji.

Poyang'ana m'chifu ndi kamera, mwana asadye chakudya maola 6, asayamwe maola 4, ndipo madzi oyera asiye maola 2 zisanachitike. GIST amakhala pansi pa khungu la m'kati mwa chifu, ndiye kapani kakang'ono ka endoscopy kamatha kubudula khungu labwino lapamwamba, lipoti n'kubwera loti zonse zili bwino. Ngati munaona chotumphuka chosalala chokhala ndi chilonda pakati, khulupirirani maso anu. Poyang'ana matumbo aakulu, mwana amwe zamadzimadzi zokha tsiku lathunthu ndi mankhwala otsuka m'mimba, koma mankhwala amenewa asapatsidwe kwa amene matumbo atsekeka.

Nthawi zambiri chotupa chimadziwika usiku, pa chipatala cha boma ku Dedza, ku Mchinji kapena ku Ntchisi, mimba itatsegulidwa kale chifukwa matumbo atsekeka. Chikakhala pamalo amodzi ndipo chikuchotseka mosavuta, dulani chigawocho pamodzi ndi anabere ake, mulumikize. Chikakhala chamwazika, chagwira matumbo ambiri, tengani kanyama kokwanira, thetsani kutsekekako m'njira yophweka, mutseke. Burkitt amasungunuka ndi chemotherapy m'masiku ochepa. Kulimbana naye ndi mpeni kumabweretsa matumbo odontha, bala losapola, ndi masabata otayika mankhwala asanayambe.

Pali cholakwika chimodzi chochitika ndi mtima wabwino. Mwana wafooka, wina n'kumupatsa steroid monga prednisolone kapena dexamethasone. Lymphoma imafota msanga ndi mankhwala amenewa, mimba n'kuphwa, banja n'kusangalala. Kanyama kotengedwa pambuyo pake kamakhala ka maselo akufa osawerengeka, ndipo pakatha masabata ochepa matenda amabwerera dzina lisanadziwike. Choopsa china n'chakuti maselo ambiri akafa nthawi imodzi amatulutsira potassium, phosphate ndi uric acid m'magazi, impso n'kuima, mtima n'kusokonezeka. Mwana woganiziridwa Burkitt amafuna diripi yopanda potassium wowonjezera, pafupifupi malita 3 pa sikweya mita ya thupi patsiku, ndi allopurinol, mkodzo ukuyezedwa. Kwa wonyentchera kwambiri kapena wochepa magazi kwambiri madziwo amachepetsedwa kuti mtima usalemedwe. Musanamutumize, imbani foni ku wodi ya ana odwala khansa ku Kamuzu Central Hospital kuti mugwirizane zoyambira.

Tsopano botolo, chifukwa mayankho ambiri amafera m'botolo. Kanyama kalowe mu formalin wa 10% (mankhwala osunga nyama kuti isawole) pasanathe ola limodzi. Formalin wobwera m'chigubu kuchokera kogula ndi wamphamvu, amasungunulidwa gawo 1 ku magawo 9 a madzi, ndipo wabwino ndi wa buffered. Achuluke kuposa nyamayo maulendo 10. Mankhwalawa amalowa m'nyama pafupifupi milimita imodzi pa ola, ndiye chotupa chonga lalanje chikaponyedwa chathunthu, kunja kumauma pamene m'kati mukuwola. Thumbo litsegulidwe motalika, litsukidwe mofatsa, chotupa chachikulu chichekedwe pang'ono kuti formalin alowe, koma m'mphepete modulidwa musawonongeke. Mbali yakumtunda imangidwe ulusi n'kulembedwa pa fomu. Botolo likhale lotakata kukamwa, chifukwa nyama ikauma siituluka pakhosi lopapatiza. Dzina lilembedwe pa botolo, osati pa chivindikiro chokha. Spirit, saline ndi firiji yoziziritsa mpaka kuuma zimawononga maselo. Kachidutswa kamodzi kokha ndi kamene kayenera kukhala mu saline popanda formalin: kopita ku GeneXpert ngati TB ikuganiziridwa. Ndipo botolo lisagone m'kabati kudikira ambulansi ya mwezi wamawa. Nthawi yabwino mu formalin ndi maola 6 mpaka 72, kupitirira apo utoto wina wa ku labu umayamba kukana.

Fomu yolembedwa "abdominal mass" basi imamanga manja dokotala wa ku labu. Lembani zaka za mwana, pamene kanyama kachokera, nthawi imene wadwala, zotsatira za HIV, zimene sikani yaonetsa, ngati analandira steroid kapena mankhwala a TB, ndi nambala yanu ya foni.

Labu yoyeza nyama ya ku Kamuzu Central inayamba mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina, ndipo inakhazikitsa njira yojambula masilaidi n'kumakambirana ndi akatswiri akunja pa intaneti. Zisanatero, nyama zochokera m'chigawo chapakati zinkatumizidwa ku Blantyre. Ku labu kanyama kamaumitsidwa, kamaikidwa m'phula, kamasengedwa mopyapyala ma micron 3 mpaka 5, n'kupakidwa utoto. Burkitt amaoneka ngati thambo la usiku lodzaza nyenyezi: maselo abuluu othithikana, mwa apo ndi apo maselo oyera amene akumeza akufa. Koma zotupa zingapo za ana zimafanana pa utoto woyambawu, n'chifukwa chake pamafunika utoto wapadera wa immunohistochemistry. Burkitt amagwira CD20 ndi CD10, sagwira BCL2, ndipo Ki-67, yoonetsa maselo amene akugawikana, imafika pafupifupi 100%. Kaposi amatsimikizidwa ndi LANA. GIST amagwira CD117 ndi DOG1, ndipo wa ana amataya SDHB. Neuroendocrine amagwira synaptophysin ndi chromogranin, ndipo Ki-67 yosafika 3% imasonyeza wofatsa, yoposa 20% waukali. Utoto wina ukasowa, chibuma cha phulacho chimatha kutumizidwa ku labu ina popanda kubayanso mwana.

Dzina likadziwika, chatsala n'kuona pamene matenda afika. Pa lymphoma amayeza madzi a pamsana ndi mafuta a m'mafupa. Malinga ndi kagawidwe ka Murphy ka mu 1980, chotupa cha m'thumbo chochotsedwa chonse chili pa siteji 2, chomwazika m'mimba pa siteji 3, ndipo cholowa m'mafupa kapena mu ubongo pa siteji 4. Makolo ambiri amaopa singano ya pamsana poganiza kuti imapha kapena kulumalitsa. Khalani nawo pansi, aonetseni pamene singano ilowe, auzeni kuti ndi pansi pa pomwe mtsempha wa msana umathera, ndipo kuti njira yomweyo ndi yoperekera mankhwala oteteza ubongo. Bambo kapena amalume amene ali ndi mawu m'banjamo amve okha, ngakhale pa foni, chifukwa mayi amene ali pa wodi nthawi zambiri sangavomere yekha.

Mwana wochira bwino pa opaleshoni amatulutsidwa zotsatira zisanabwere, n'kubwerera ku Kasiya kapena ku Nambuma, ndipo banja limaona ngati matenda anatha ndi mpeni. Asanatuluke, lembani manambala awiri a foni, mudzi, mfumu ndi dzina la mlangizi wa zaumoyo wa dera lake. M'buku la kuchipatala mulembe tsiku limene kanyama kanatumizidwa, nambala yake ya ku labu, ndi tsiku lobwera kudzamva zotsatira, ndipo pa wodi pakhale munthu mmodzi wodziwika amene amatsatira malipoti sabata ndi sabata. Ngati lipoti lanena matenda oyenda m'banja, ntchito imapitirira kwa abale ake: pa FAP (matenda omeretsa tinyama tambirimbiri m'matumbo aakulu) ndi Peutz-Jeghers mwana aliyense wa kholo lodwala ali ndi mwayi theka wotengera. A m'banja la Peutz-Jeghers amayamba kuyang'anidwa ndi kamera ali ndi zaka 8, a m'banja la FAP ali ndi zaka zapakati pa 10 ndi 14, ndipo amene wayamba kale kutuluka magazi kapena kupotokola m'mimba sadikira zaka zimenezo.